Botolo limene sindinatsuke

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ndakhala chete kwa nthawi ndithu, ndipo ena mwakhala mukufunsa ngati ndili bwino. Lero ndikufuna ndikuuzeni za nyengo imene ndinataya mwamuna wanga, ntchito nayo ili pafupi kutha. Paja akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata.

Ine ndimakhala ku Chinsapo, ndipo ndimagwira ntchito mu labu ina yaing'ono yofufuza za mankhwala. Mwina simudziwa kuti mankhwala ena sasungunuka m'madzi. Ukawathira m'kapu amangoyandama, ndipo munthu akamwa thupi limatengako pang'ono chabe. Ntchito yanga inali yosandutsa mankhwala otere kuti akhale timibulu toyera tofanana, tonga ta shuga, toti n'kupangira mapiritsi. Njira yake imamveka yophweka: umasungunula ufawo mu sipiriti wofunda, n'kumathiramo madzi pang'onopang'ono, timibuluto n'kutuluka tokha.

Kwa ine sizinkatero. Ndikangothira madzi zonse zinkachita mbuu, kenaka n'kugawikana pawiri, pamwamba madzi, pansi zinthu zolemera zonanda ngati uchi. Aliyense mu labumo ankadziwa kuti zikatero zakanika: umataya, n'kutsuka botolo, n'kuyambiranso. Ndinataya mpaka manja anazolowera. Tsiku lina abwana anandiitana, n'kundiuza mwaulemu kuti othandiza kafukufukuyo atopa kudikira, ndipo mwezi ukatha popanda chooneka, ntchito yanga ithera pomwepo.

Apa n'kuti amuna anga, bambo a Chisomo, ali gone kuchipatala ndi matenda a impso. Anali wowotcherera zitsulo ku Biwi, munthu wamphamvu zake, koma miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana. M'mawa ndinkawasiyira phala n'kuthamangira kuntchito, madzulo n'kubwereranso. Nthabwala zokha ndi zimene matenda sanawalande. Ndikalowa ankati, "Mayi a Chiso, uchi wanu uja lero watulukanso? Bwanji osangobwera nawo tidyere buledi?" Ndinkaseka pamaso pawo, n'kukalirira mu minibasi.

Kupemphera ndinkapemphera, koma kunena zoona kunali kukangana ndi Mulungu. Ine ndine munthu wamtima wapachala, ndipo ndinkamufunsa kuti ndamulakwira chiyani choposa anzanga. Ndinamuuza kuti ngati n'kusankha, ntchitoyo atenge, andisiyire mwamuna wanga.

Masana ena nditangothira madzi m'botolo, zinthu zija zitagawikana monga mwa nthawi zonse, foni inalira. Anali mlamu wanga amene ankadikirira matenda. Anangoti, "Mlamu, bwerani," ndipo mawu akewo anandiuza zonse. Ndinatseka botololo n'kulisiya pa tebulo osatsuka. Sindikumbuka m'mene ndinafikira kuchipatala.

Maliro tinakaika kwawo ku Ntcheu, ndipo ndinakhala komweko mpaka mwambo wonse utatha. Achibale atamva za ntchito yanga anayamba kunena kuti ndingobwerera kumudzi, Chisomo ndi mng'ono wake asiye sukulu ya m'tauni. Sankanena mwankhanza, ankaona zoona zake.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinapita ku labu kuti ndikatenge zinthu zanga ndi kutsanzika. Pakhomo ndinakumana ndi bambo Nyirenda, mnzathu wachikulire wochokera kumpoto, yemwenso ndi mkulu wa mpingo. Anandigwira dzanja nati, "Pepani amayi, pepani kwambiri. Tebulo lanu lili m'mene munalisiyira. Anzathuwa amafuna atsuke, ine ndinakana. Kwathu zinthu za munthu amene ali pa maliro sitizisuntha mpaka mwini wake abwere."

Ndinathokoza, ngakhale mumtima ndinkati akanangotsuka ndipumeko. Ndinanyamula botolo lija kupita nalo pa sinki kuti ndikataye komaliza. Nditalipendeketsa, ndinamva kanthu kakukhula galasi. Ndinayang'ana pansi pake, zonanda zija panalibe. M'malo mwake munali timibulu toyera mbee, tonyezimira, timene ndinatisaka miyezi yonseyo.

Abwana anatiyeza pa makina ndipo anapeza kuti tinali toyera bwino. Tinazindikira kuti m'zonanda zija ndi momwe mankhwala ankadziunjika, ndipo zinkangofunika kuzisiya pozizira, osazigwedeza, kuti timibulu timere m'menemo. Ifeyo tinkataya ntchito ili pakati. Tinabwereza mwadala, zinathekanso, ndipo kafukufuku anapatsidwa nthawi ina. Bambo Nyirenda anangopukusa mutu nati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi, koma inu kudekha kwake mwakugula modula."

Nditatuluka panja ndi chimwemwe chimenecho, ndinatulutsa foni n'kuimbira bambo a Chisomo kuti ndiwauze. Manja anachita okha, mutu usanakumbuke. Foni yawo inalirira m'chikwama changa momwe. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu n'kulira kuposa m'mene ndinalirira kumanda.

Musandimve molakwa abale anga. Sindikunena kuti Mulungu anatenga mwamuna wanga kuti andipatse timibulu m'botolo. Chimene ndinapempha kwambiri sanandipatse, ndipo chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero. Koma ndikudziwa kuti pamene ine ndinali kumudzi nditafooka, osatha ngakhale kupemphera, Iye anaika munthu woti atchinjirize tebulo langa. Ndikumuthokoza, ndipo ndikuthokoza bambo Nyirenda amene anangochita za ulemu wa kwawo osadziwa kuti akupulumutsa banja.

Inu amene zinthu zakusokonekerani lero, ndipo mukuona ngati palibe chotsala koma kutaya, dikirani pang'ono. Lirani ngati kuli kulira, Mulungu sanyansidwa ndi misozi, koma musachoke pamaso pake. Ine chisoni chikadalipo, sindikunamizani. Koma m'mawa uno ana anga apita kusukulu yawo yomwe ija, ndipo ine ndikunyamuka kupita kuntchito, nditavala zakuda. Ambuye akusungeni nonse.