Phukusi la Mnzanga pa Geti la Asilikali a Pamadzi

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma dzina langa likhale kwa inu.

Ndimaperekera anthu zakudya pa njinga yamoto muno mu Joni. Mwezi watha mnzanga wakumudzi anandipatsa phukusi lomata kuti ndikapereke pa basi ya ku Malawi ku Park Station. Kwathu katundu wa mwini sitimasula, ndiye sindinafunse n'komwe.

Ndinayamba ndadzera pa hotela ina kukasiya chakudya, osadziwa kuti mwafikira asilikali a pamadzi ndipo alonda ali tcheru kuopa zigawenga. Pa geti, mlonda wachikulire wa ku Chipata analoza phukusilo.

"Muli chiyani umu, mwana wanga?"

"Kaya, si langa."

"Tsegula tione, uzipita."

Ine mtima suchedwa kupsa. "Mukundiyesa chigawenga, madala? Tsegulani nokha!" Ndinaliponya pansi n'kuthawa pa njinga yanga mwaliwiro.

Poganiza kuti ndi bomba, anatulutsa anthu onse mu hotelamo, ine apolisi n'kundigwira pa maloboti. Phukusilo analing'amba ndi zida zawo zofufuzira mabomba. Munali diresi la ukwati la mlongo wake wa mnzangayo.

Apolisi anandimasula basi itapita kale. Mtsikanayo analowa m'tchalitchi ndi diresi lobwereka, ndipo mnzangayo sayankhanso foni yanga. Anyamata anzanga, mlonda akati tsegulani, ingotsegulani.