Udzudzu wa Kuyunivesite

Basi yachedwa, miyendo ikundiwawa, ndipo kumbuyo kwangaku amayi awiri osadziwana ayamba kucheza.

"Ulendo wa kuti, amayi?"

"Kuyunivesite, kukapepesa. Mwana wanga wamkazi analembedwa ntchito ya kafukufuku kumeneko."

"Mwayi wake! Nanga zopepesa zabwera bwanji?"

"Amaweta udzudzu, mayi mnzanga."

"Udzudzu? Woluma womwewu?"

"Womwewo! Dzulo nditakamuona kuntchitoko, ndinamupeza atapisa mkono m'kabokosi ka neti, ukumuyamwa magazi. Iye atangotuluka, ndinasolola mankhwala omwe ndinali nditangogula, n'kupopera chipinda chonse."

"Mayo ine! Unafa wonse?"

"Psiti! Kumeneko anali atauweta zaka zambiri. Tsopano abwana ake akuti ntchito ingathe."

"Ndiye mukawauza chiyani?"

"Ndikawabwezera. Tasuzumirani m'botolomu, ndagwira wonenepa wokhawokha."