Mphindi Makumi Awiri Mumdima

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1964, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali okonza mawailesi, choncho malemu anadziwa kulumikiza waya asanadziwe kuluka tsitsi.

Mu 1987 anatenga digiri ya fizikisi, ali mkazi yekha m'kalasi. Mu 1990 anakwatiwa ndi bambo akhala kutsogolowa, amene ankaseka pouza anzawo kuti akazi awo amapita kuntchito kukakhala mumdima.

Sankanama. Kwa zaka 31 malemu anagwira ntchito m'chipinda chopanda zenera cha pa yunivesite. Ankatenga sodiyamu, chitsulo chofewa chosungidwa m'mafuta poti chikakhudza madzi chimayaka, n'kuchitenthetsa mpaka chisanduke nthunzi. Nthunziyo ankaiwomba ndi maayoni, tizidutswa tonyamula mphamvu yamagetsi, n'kuyeza kuwala kwachikasu kotulukamo. Lamulo lawo linali limodzi: wofuna kuona ayambe wakhala mumdima mphindi makumi awiri, maso azolowere.

Mu 2021 mwana wawo wotsiriza anasiya koleji atalephera fizikisi yomweyo. Achibale ena, ndipo alipo pano, anamuimba nyimbo. Malemu sanamukalipire. Anangomutengera m'chipinda chija. Iye anapirira mphindi zisanu ndi ziwiri, n'kutuluka akumenyetsa chitseko, ati mulibe kanthu. Kwa zaka ziwiri ankangopatsana moni.

Mu Okutobala 2023 impso zinayamba kuwavuta malemu. Mu Januwale chaka chino anapempha mwana uja awakankhe panjinga ya odwala kupita kuntchito komaliza. Ulendo uno mwanayo anakhala mphindi zonse, atagwira dzanja la mayi ake lotupa. Kenako anakuona kuwalako, kochepa ngati ulusi. Malemu anamunong'oneza kuti atomu, kachidutswa kochepetsetsa ka sodiyamuyo, simawala pomwe yawombedwa, imawala pobwerera pamalo pake. Anaonjeza kuti aleke kulira, anyowetsa sodiyamu wawo.

Anatisiya pa 6 Epulo 2024, kalata yolola mwanayo kubwerera kukoleji ili pansi pa pilo wawo. Akayamba mu Ogasiti.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu ndi zidzukulu zinayi. Banja likuthokoza anamwino a m'chipinda cha odwala impso, anzawo a kuntchito onyamula bokosi, ndi inu nonse mwatikhazika mtima pansi.

Mayi, m'nyumba mwada. Tikhala chete, maso azolowere. Mzimu wanu uuse mumtendere.