Dzina la Marlene pa Kachapa

Ukwati wa Marlene unali mawa lake, ndipo pamene anthu anzeru anali kalikiliki kusenda mbatatesi kuseri kwa nyumba, a Lázaro, bambo a mkwatibwi, anali pakhonde ndi kachapa, kaminibasi kapulasitiki kotalika ngati chitsononkho. Kachapako kanali kokaika pamwamba pa bolu, keke ya ukwati, poti mkamwini amayendetsa chapa ya ku Furancungo, ndipo a Lázaro anali atadzitama kale kwa asewere awo kuti dzina la mwana wawo adzalimata pamenepo mpaka anthu adzalumbira kuti ndi lolemba ndi tinta.

"Mayi a Marlene, tabwerani. Mupukute m'manja."

A Doroteia, akazi awo, anatulukira ndi mpeni. "Nenani msanga, mafuta ali pamoto."

"Kapepala aka kachokera ku Tete. Mayina ndi awiri okha, lina la mbali ino, lina la mbali inayo. Samata ndi malovu ayi. Amaviika m'madzi ofunda, dzina limatsetsereka lokha n'kukhala pagalimoto ngati linabadwira pomwepo."

"Osangolemba bwanji? Tinta yolembera matumba a mbatatesi ilipo theka la chitini."

"Tinta ya matumba! Pa ukwati wa mwana wanga? Tengani ili mukaviike."

A Doroteia anakaviika. Kenako anakazinga nkhuku ziwiri, anakalipira amene amasenda mbatatesi mokhuthala, n'kubwerera pakhonde.

"Dzina lili kuti?"

"M'beseni."

"Mpaka pano?"

"Munati ndiviike. Simunati ndivuule."

"Epa! Vinte segundu basi, mayi! Masekondi makumi awiri!"

"Chimafewa n'chiyani pa vinte segundu? Nyemba zimagona m'madzi."

Beseni linabwera. Pepala linali pansi, loyera mbee, ndipo dzina linali kuyandama palokha, litapindikana ngati khoko la nyemba. A Lázaro analisaka ndi zala ziwiri, ilo n'kumathawa.

"Madzi achuluka. Chotsani madziwa."

Khwaa! A Doroteia anakhuthulira beseni pabwalo. Abakha anathamangira pomwepo.

"Mayo ine! Mwataya Marlene!"

"Marlene ali kwa osoka, akuyesa vesitidu, diresi lake la ukwati. Ine ndachotsa madzi."

A Lázaro anapumira m'mwamba, n'kunyamula dzina lotsala ndi manja awiri ngati dzira. "Ili musaliyandikire. Ndimata ndekha."

"Kuseri kwa pepalako kuli malangizo. Ndikuwerengereni?"

"Nada. Ine ndinakhala kobradori, wotolera ndalama m'chapa, zaka doze, khumi ndi ziwiri zathunthu. Zomata ndazimata pa magalasi a chapa inu musanaone ndi msewu wa tala womwe."

"Magalasi anu a maso ali pawindopo."

"Ndikuona bwinobwino."

Anaviika, anavuula, anatsetsereza dzina ndi chala chachikulu chimene chakhala chikukumba mbatatesi moyo wonse. A Doroteia anaweramira pafupi.

"Lakwera chitunda."

"Lili bwino."

"M ali ku tayala, E ali ku denga. Ndipo latuluka matuza ngati mwana wa nthomba."

"Ndi mpweya chabe. Amaboola ndi singano. Tabweretsani singano, muboole inu, ine ndigwire galimoto."

A Doroteia analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chisingano chosokera matumba. Asanatsegule pakamwa a Lázaro, tswii, chilembo cha R chinang'ambika pakati.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Singano."

"Umenewo ndi mkondo!"

"Munati singano. Yaing'ono ili kwa osoka. Mpweya watuluka kapena sunatuluke?"

"Kalma, Lázaro, kalma," anadzilankhulira okha bambowo, akugwira pamtima. "Imvani, mayi. R titha kumulumikiza. Chofunika n'chakuti dzinali lisalale. Lisalale ngati kolala ya malaya anga a ku misa. Mwamva?"

"Ngati kolala."

"Ndendende. Ine ndikaone ngati abakha asiyako kanthu."

Zimenezi ndiye a Doroteia anazimvetsa. Kolala ija akhala akuisalaza Loweruka lililonse kwa zaka makumi atatu, ndipo njira yake ndi imodzi. Anapala makala pamoto wa nkhuku, anathira m'simbi, anaipepeza katatu, anayala kansalu pa kachapa monga amachitira ndi malaya abwino, n'kukanikiza.

A Lázaro anamva fungo ali chogwada m'matope pakati pa abakha.

"N'chiyani chikupsa?"

"Palibe chikupsa. Chikusalala."

Anafika akuthamanga, n'kuvundukula kansalu. Mbali yonse ya kachapa inali italowa m'kati, chitseko chitakumbatirana ndi tayala, ndipo pamene panali dzina panatsala kadontho kakuda konga mtedza wopserera.

"Mwaisita galimoto? Galimoto, mayi? Ndani anasitapo galimoto chiyambire dziko?"

"Ndani anaiviikapo dzina m'beseni? Tuza lilipo?"

"Palibe tuza, palibe dzina, palibe chitseko!"

"Ndiye yafanana ndi ya mkamwini wanu. Nayonso chitseko amamanga ndi chingwe."

A Lázaro anakhala pansi pang'onopang'ono. Mawa asewere adzaimirira pafupi ndi bolu, manja kumbuyo, kufuna kuona zodabwitsa za ku Tete. Anayang'ana kachapa, anakatembenuza. Mbali inayo inali yoyera, yosalala, yopanda kanthu.

"Tinta ija," anatero ndi mawu a pansi, "inauma?"

"Ya matumba?"

"Musandibwerezetse."

A Doroteia anazula nthenga pa nkhuku yomwe inali kudikira mpeni, anaisongola, anaviika m'chitini. Sanapume n'komwe. Zilembo zisanu ndi ziwiri zinafola mzere woongoka, zofanana msinkhu, monga zimakhalira pa matumba awo amene sanasokonekerepo pamsika.

"Purontu. Mbali yopsayo iyang'ane kukhoma. Ndipite?"

A Lázaro anatenga magalasi pawindo, anavala, anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Vuto lilipo," anatero. "Likuoneka ngati lolemba ndi tinta."

"Si zimene mumafuna?"

"Asewere adzadziwa kuti si za ku Tete. Simungalipindeko pang'ono, n'kuikapo katuza kamodzi kapena tiwiri, kuti lioneke ngati lomata?"