Zinalowa Popanda Odi

Abale ndi alongo, ine ndinali munthu wodzimva. Ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Ngala, ndipo kompyuta ya pamenepo inali m'manja mwanga. Ndinkayenda ngati nthaka ndi ya bambo anga.

Abwana anali ndi lamulo limodzi lokhwima: osalowetsa pulogalamu yochokera kunja mu kompyutamo usanapemphe chilolezo.

Tsiku lina kunabwera mlamu wanga, mkulu wake wa amuna anga, yemwe ankaimbitsa kwaya kumene tinkapemphera. Anatulutsa m'thumba fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta.

"Alamu, ndiikemo kapulogalamu kokoperera nyimbo. Ndi ntchito ya Mulungu iyi."

"Dikirani ndifunse kaye abwana," ndinatero.

Anaseka. "Kani mpandowu ndi wa dzina chabe? Ine ndimayesa ndinu akuluakulu pano."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinanyamuka pampando, iye n'kukhalapo.

Sipanapite nthawi, kompyuta inayamba misala. Mayina a alendo amene anasungitsa zipinda anafufutika onse. Anthu ankafika ndi akatundu awo kuchokera kutali, n'kupeza zipinda tapereka kwa ena. Katswiri atabwera anapeza kuti kapulogalamu kaja kanabwera ndi vairasi.

Nditaulula amene anakalowetsa, abwana anaitanitsa mlamu wanga. Munthu woimbira Mulungu uja anawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ine kompyuta sindidziwa n'poyatsira pomwe." Ntchito yanga inathera pomwepo.

Kunyumba amuna anga anangoti za pachibale sitiziyanika panja. Lamlungu ndinamupeza mlamu uja ali kutsogolo, akuimbitsa kwaya, maso atatsinzina ngati mngelo. Ndinatuluka nyimbo isanathe, ndipo sindinabwererekonso.

Ndinakwiya, abale. Ndinakwiyira mlamu. Ndinakwiyira amuna anga. Ndinakwiyira Mulungu amene amalandira nyimbo za munthu wabodza. Ndinayamba kumwa, ine amene fungo lokha la kachasu linkandichititsa nseru. Amene ankanditchula kuti madamu anayamba kundilambalala panjira. Ndinadzitsekera m'nyumba, moyo wanga ukutha ndikuona.

Pafupi ndi ife pamakhala mayi Asiyatu, Msilamu wogulitsa mpunga. Tsiku lina ndili chigonere dzuwa lili paliwombo, ndinamva mawu awo panja. "Odi! Odi kuno!"

Ndinangoti zii. Chitseko chinali chotseguka pang'ono, ndipo ankandiona ndithu. Akanatha kungokankha, koma sanakankhe. Anaima padzuwapo mpaka kutopa.

"Anzathu, sindilowa musanandiyankhe," anatero. "Ndibweranso mawa, inshaallah."

Anabweradi, n'kuimanso pomwe paja. Atachoka ndinalira ngati mwana. Ndinaona kuti zonse zimene zinandiwononga zinalowa popanda odi. Kapulogalamu kaja kanalowa mwini kompyuta asakudziwa. Mkwiyo ndi mowa nazonso zinangolowa n'kukhazikika. Koma Ambuye Yesu, mwini wake wa moyo wanga, anali chiimire panja nthawi yonseyo, kudikira kuti ndiwayankhe.

Ndinagwada pamphasa n'kunena kuti, "Odini, Ambuye. Lowani."

Sindikunamizani. Ntchito ija sinabwerere. Mlamu wanga sanapepese mpaka lero, ndipo kwaya akuimbitsabe. Musandifunse ngati sizipweteka, zimapweteka. Ndinamukhululukira, koma m'mawa uliwonse ndimayenera kumukhululukiranso, chifukwa ndikadzuka ndimapeza mtima watupanso. Mowa wokha ndinausiyiratu, tulo ndikupeza, ndipo ana anga ali ndi mayi. Alemekezeke Mulungu amene ananditola!

Inu ogwira ntchito m'maofesi, pemphani chilolezo, ngakhale wobwera ndi fulashiyo akhale m'bale wanu, Baibulo lili kukhwapa. Tsiku la mlandu mudzaima nokha.

Ndipo iwe amene wadzitsekera chifukwa cha zimene anakuchitira anthu opemphera, ndikudziwa mmene zimawawira. Koma amene waima pakhomo pakoyo si iwo ayi. Iye sathyola chitseko. Muyankhe lero.