Mapiritsi Amene Amayi Anabisa M'chitini

Moni okondedwa mwa Ambuye, ndi inunso amene mumangowerenga osayankha. Ndine uja wa ku Budiriro amene ndinasiya koleji chaka chachiwiri, mabuku atakana kundizolowera. Ndabwera ndi umboni, koma musayembekezere kumva za galimoto.

Mashingozi anandigwira m'nthiti. Zilonda zinapola, koma moto unatsala m'mitsempha. Malaya akangondikhudza ndinkadumpha ngati ndagwira waya wamagetsi, chinthu chosowa kwathu kuno. Ku depoti ya ku Workington, kumene ndinkanyamula makatoni, anandiuza mwaulemu kuti munthu wosavala malaya akapume kaye kunyumba. Ndinakhala pakhonde miyezi ingapo chifuwa chili pamtunda, kupemphera kuti mphepo isawombe. Machiritso ndinasiya kupempha. Ndinkangopempha kuti tsiku lithe.

Ku kiliniki anesi anandipatsa timapiritsi. Anati m'Chishona ndi ta kufungisisa, matenda oganiza kwambiri aja, koma timaziziritsanso mitsempha. Kulakwa kwanga kunali kukafotokozera amayi. Iwo anakulira pa famu, ndipo anangomva kuti mwana wapatsidwa mankhwala a misala.

"Kuganiza kwambiri? Iweyo? Ukanakhala woganiza ukanasiya sukulu?"

Timapiritsi tija anatibisa m'chitini cha singano. Ndinali nditamwa masiku atatu okha osaona kusintha, ndiye sindinalimbane nawo. Ndinalibenso mphamvu zake.

Yankho linachokera kwa bambo wina wa ku Tete, wosoka nsapato pafupi ndi mjigo, amene mwendo wake unatsala kunkhondo. Amayi atawadandaulira zanga, anapisa m'thumba ndi kutulutsa timapiritsi tomweto.

"Mayi, ine ndimamwa chifukwa chala chimandiwawa pa mwendo umene kulibe. Ndikuoneka wopenga?"

"Pang'ono," anatero amayi. Koma tsiku lomwelo chitini chinatsegulidwa.

Patapita masabata angapo moto unatsika, unasanduka makala. Sunazime. Malaya ndikuvala, bola akhale otakasuka. Kukamwa kumauma, m'mawa ndimadzuka mutu uli ngati wobwereka, ndipo malo anga ku depoti anapatsa wina kalekale. Anesi sanalonjeze kuti zidzatha, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Ndikuthokoza Mulungu, amene ananditumizira mngelo wa mwendo umodzi. Inu amene mukupsa ndi moto umene anthu sauona, imwani monga mwauzidwira kuchipatala, musasiyire pa tsiku lachitatu. Pirirani, abale. Inenso ndikupirira, poti kwina kopita kulibe. Ameni.