Aphunzitsi Pascoal Ngozo ndi Ndowa ya Njereza

Amene agona pakati pathu pano ndi bambo Pascoal Limbani Ngozo, amene ambiri mumangowatchula kuti Aphunzitsi. Anabadwa m'chaka cha 1949 kuno ku Lifidzi, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi.

Sukulu anayambira ku mishoni ya Fonte Boa, akuyenda wapansi m'chisanu cha Juni opanda nsapato. Atatha kumeneko anakaphunzira uphunzitsi ku Tete. Mu 1974 anamanga banja ndi mayi Rosália a ku Domwe. Nkhondo itafika povuta anathawira ku Dedza, kumene ankaphunzitsa ana a othawa kwawo pansi pa mtengo, ndipo anabwerera kuno mu 1993. Anaphunzitsa sayansi ya zamoyo ku Ulongwe mpaka pamene anapuma ntchito mu 2009.

Inu amene munadutsa m'manja mwawo mukukumbukira phunziro limene ankalibwereza mpaka ana kuodzera. Ankati thupi linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Ankati m'thupimo muli mchere wotchedwa kalisiyu, womwe uja umalimbitsa mafupa ndiponso umapezeka mu njereza. Mcherewu umalowa m'kachipinda pang'onopang'ono, kachitseko n'kutseka msanga, ndipo m'bongo umathandiza kuti uthenga uyende ndi kuti munthu akumbukire. Koma ukasefukira m'katimo, kachipindako kamafa. Ankatinso akatswiri akuganiza kuti munthu akamakalamba tizitsekoto timatopa, ndipo mwina ndi chimodzi mwa zimene zimabweretsa matenda oiwala.

Ku tchalitchi ankaimba kwaya ndi mawu amene sitinganame kuti anali okoma, koma ankafika patali. Ndiwonso ankatsogolera akhristu kukalambula kumanda ndi kupaka njereza pa mitanda, tsiku lokumbukira akufa la 2 Novembala likayandikira. Ankapita pagulu, atapempha kaye kwa eni manda, chifukwa tonse tikudziwa kuti kumeneko munthu salowa yekha popanda zovuta.

Matenda anayamba mu 2017. Anayamba kutaya mayina a adzukulu awo, kenako njira ya kudimba. Madokotala ku Tete anati ndi matenda a ubongo opanda mankhwala ochiza. Bambo Ngozo sanadabwe. Anangouza mayi Rosália kuti tizitseko ta m'mutu mwawo tasiya kutseka, ndipo anawapepesa pasadakhale pa zimene adzaone.

Matendawo anawasokonezera masiku. Kwa iwo tsiku lililonse linasanduka lokonzekera 2 Novembala. Dzuwa lili paliwombo, anthu ali kuminda, ankanyamula ndowa ya njereza n'kulowa kumanda okha. Amayi otola nkhuni m'mphepete mwa msitu wa kumanda uja ankamva mawu m'katimo akupereka moni kwa akufa, mmodzimmodzi ndi dzina lake, n'kumadikira pang'ono ngati akumvetsera yankho. Potuluka ankakhala atayera mbee, manja ndi nkhope yomwe. Amoyo anatiiwala tonse, koma ogona kumandako sanaphonyepo ndi mmodzi yemwe.

Sitibisa, ifenso achibale tinkachita mantha. Ankakumana ndi munthu panjira n'kumutchula dzina la bambo ake omwalira kalekale, chifukwa cha kufanana kwa nkhope. Mmodzi mwa anthu amene anawatchula choncho anamwalira dzinja lomwelo, ndi chifuwa chimene anali nacho kale. Kuyambira pomwepo dzina la Aphunzitsi linasowa m'mudzi muno, panabwera dzina lina. Tilitchula lero kamodzi kokha, kuti litsale pano: munkati ndi mfiti. Ana ankathawa akawaona. Ena mwa inu amene anakuphunzitsani kulemba dzina lanu munkapatuka panjira.

Mayi Rosália anayesa kubisa ndowa, bambowa anatenga mphika. Anayesa kutseka chitseko, iwo analira ngati mwana mpaka mawu kutha. Pamapeto pake mayiwa ankangowatsata, kukhala pansi kunja kwa msitu, akumva amuna awo akucheza ndi anthu osaoneka, mpaka atatuluka. Ankawagwira dzanja kubwerera kunyumba n'kuwasambitsa. Manja a bambowa anali atasenda ndi njereza. Zaka zonsezo amuna awowo ankawathokoza ngati mlendo wachifundo, osadziwa kuti ndi mkazi wawo.

Chaka chathachi miyendo inafooka, ndipo anagona. Ankangoyang'ana pakhomo popanda munthu, nthawi zina n'kusendera kukhoma ngati akupatsa wina malo pamphasa. Loweruka lapitali m'mawa nzeru zinabwerera mwadzidzidzi. Anawatchula mayi Rosália dzina lawo. Kenako anafunsa funso limodzi: ngati anthu adzabwere pa maliro awo, poti ankaona mmene ana ankawathawira. Mayiwa anasowa chowayankha, chifukwa sanafune kuwanamiza. Bambo Ngozo anatisiya madzulo a tsiku lomwelo.

Funsolo likadali pabwalo pano. Inu amene mwaima kutali, kuseri kwa munda wa mbatatesi uko, tikukuonani, ndipo sitikukukalipirani, chifukwa mantha tinali nawo tonse. Koma bamboyu anali wodwala. Makolo anu amene agona kumsitu uko ndiye ankawasamalira pamene inu munali kuminda. Posachedwa bokosi linyamulidwa kulowera komweko. Mayi Rosália akhala akuyang'ana m'mbuyo kuti aone amene akutsata, kuti apeze chokawayankha amuna awo pa dzenje.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Rosália. Ana atatu, Emília, Nikolasi ndi Lucinda. Mchemwali wawo mmodzi, mayi Helena. Adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi chidzukulutudzi chimodzi chimene sanachidziwe.

Mutu wawo unatopa, miyendo yawo inatopa. Apumule tsopano mu mtendere.